Timasonkherana za Maliro, Tisonkheranenso za M'chikuta

Kulikonse kumene anthu akwathu apita kukafuna ntchito, kaya ndi ku Johannesburg, ku Cape Town, ku Durban kapena ku Harare, chinthu choyamba chimene amakhazikitsa akangochulukana ndi gulu la maliro. Mwina inunso muli m'gulu lotere. Mukulidziwa buku la zopereka, mukumudziwa msungichuma, ndipo mukudziwa kuti uthenga wa zovuta ukalowa pa WhatsApp usiku, kukamacha anthu amakhala atayamba kale kusonkha. Posakhalitsa bokosi limanyamuka, kudutsa pa Beitbridge ndi pa Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, mpaka kukalowa pa Mwanza. Ntchito imeneyi ndi yaulemu, ndipo palibe boma limene linatiphunzitsa. Makolo athu anaiyamba kalekale m'makomboni a ku Salisbury ndi ku Bulawayo.

Funso limene ndikuika pamaso panu ndi ili: gulu lomweli limatani mwana akabadwa? Kawirikawiri timatumiza mafuno abwino pafoni, wina n'kukasiya paketi ya matewera, nkhani n'kuthera pomwepo. Tili ndi malamulo olembedwa a mmene tingaperekezere wakufa, koma wobadwa kumene timamusiyira makolo ake okha. Ine ndikuti dongosolo limene tinamangira maliro ndi lokwanira kutumikiranso makanda, ndipo nthawi yoti litero yakwana.

Kumbukirani mmene mwana amalandiridwira kumudzi. Mayi amakhala m'chikuta, amayi ake kapena apongozi akumuphikira, kumutungira madzi ndi kumuphunzitsa kasambitsidwe ka khanda. Tsiku la sikelo likafika, amayi amaitanizana, ndipo mlangizi wa zaumoyo amayeza ana ndi kulemba m'buku. Mwanayo akasinkhukirapo amapita ku mkombaphala, kumene alezi ongodzipereka amamuphunzitsa nyimbo ndi masewera, m'mudzi mutasonkhedwa chimanga, soya ndi nkhuni za phala. Boma la Malawi linakhazikitsa ndondomeko yake yoyamba ya maphunziro a mmerampoyamba mu 2003, koma ntchitoyo yakhala ikuyendera pa mapewa a anthu wamba.

Ku Joni zonsezi kulibe. Mtsikana wogwira ntchito ya m'nyumba amachira ali m'kachipinda ka lendi, mwamuna wake atalawirira ku ganyu. Lendi sidikira, choncho amabwerera kuntchito thupi lisanalimbe. Khanda amalisiya kwa aliyense amene wapezeka tsikulo, kapena amaliletsa kuyamwa msanga n'kulitumiza kwa agogo ku Mangochi kapena ku Mzimba. Amatero poti palibe amene waima naye.

Zimenezi zimachitika pa nthawi imene mwana safunika kusewera naye. Akatswiri a zaumoyo amanena za masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pamene mayi watenga pathupi kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Apa ndi pamene ubongo ndi thupi zimakula mofulumira kuposa nthawi ina iliyonse, ndipo chimene chaonongeka pamenepa chimavuta kukonza mwana atakula. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi isanu ndi umodzi. Kafukufuku wa zaumoyo wa ku Malawi wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Ambiri a ife tinachoka kwathu pothawa umphawi umene umabala kupinimbira kotereku. Chingakhale chomvetsa chisoni kuti mwana apinimbire kunja kuno, makolo ake akugwira ntchito usana ndi usiku.

Ntchito yoyamba ya gulu ikhale ya chiphaso cha kubadwa, pakuti apa mbiri inatilanga kale. Ku Zimbabwe kuli ana ndi adzukulu a anthu amene anachoka ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi. Ambiri anabadwira komweko koma kubadwa kwawo sikunalembedwe. Lamulo la unzika la 2001 litafuna kuti aliyense wokhala ndi mizu yakunja akane unzika wa dziko la makolo ake, anthuwa anapezeka opanda kwawo: ku Zimbabwe akutchedwa alendo, kwawo kwa makolo osadziwika. Malamulo aakulu a dzikolo a 2013 anawatsegulira khomo, koma wopanda chiphaso alibe umboni woti anabadwiradi mdzikomo, ndipo bungwe la Amnesty International linapeza mu 2021 kuti ambiri adakali m'mavuto omwewo. Kholo limodzi likalephera kulembetsa mwana, adzukulu ndi amene amalipira.

Ku South Africa lamulo limati mwana alembetsedwe ku Home Affairs pasanathe masiku 30 chibadwire. Masikuwa akapita, njira imatalika ndipo mafunso amachuluka. Kubadwira mdzikomo pakokha sikumupatsa mwana unzika, komabe lamulo limalola mwana wa alendo amene wakhalamo chibadwire kupempha unzika akakwanitsa zaka 18, pokhapokha ngati kubadwa kwake kunalembetsedwa. Ndipo kuti mwanayo adzatengedwe ngati Mmalawi, Mzambia kapena Mmozambiki, pafunikanso pepala losonyeza makolo ake. Gawo 28 la malamulo aakulu a South Africa limati mwana aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi dzina ndi unzika kuyambira pobadwa. Mu 2021 khoti lalikulu loona za malamulowa linagamula kuti bambo wosakwatira mwalamulo angathe kulembetsa mwana wake m'dzina lake. Tikudziwa kuti pawindo la ofesi makolo amene mapepala awo anatha amabwezedwa. N'chifukwa chake gulu liyenera kukhala ndi munthu wodziwa njirayi: woonetsetsa kuti mayi asatuluke m'chipatala opanda kalata yotsimikiza kubadwa, woperekeza makolo ku Home Affairs ndi ku ofesi ya kazembe wa dziko lawo, ndiponso wodziwa kumene kuli Lawyers for Human Rights kapena Scalabrini Centre ya ku Cape Town zinthu zikakanika.

Ntchito yachiwiri ndi ya chipatala. Lamulo la zaumoyo la 2003 la ku South Africa limapereka chithandizo chaulere m'zipatala za boma kwa amayi apakati, amayi oyamwitsa ndi ana osakwana zaka zisanu ndi chimodzi. Mu April 2023, pa mlandu umene bungwe la SECTION27 linatengera kukhoti, bwalo lalikulu la ku Johannesburg linanenetsa kuti ufuluwu ndi wa onse, posaona dziko limene munthu akuchokera kapena mapepala amene ali nawo. Ngakhale zili choncho, mu 2025 tinaona magulu a anthu ataima pazipata za zipatala n'kumabweza alendo, mpaka khoti linaletsa mchitidwewu mu November chaka chomwecho. Chigamulo chili papepala, koma mayi amene anabwezedwapo kamodzi amachita mantha kubwereranso, ndipo katemera wa mwana amadumphidwa. Mayi woyenda yekha amabwezedwa mosavuta. Amene wabwera ndi anzake awiri odziwa lamulo, okhoza kulemba tsiku, malo ndi zimene zanenedwa, savuta kumuteteza. Ngati timaperekezana kumanda, kuperekezana ku sikelo kungatikanike bwanji?

Pali chinanso chaching'ono koma chofunika. Buku la ku sikelo, limene ku South Africa limatchedwa Road to Health, liziyenda ndi mwana kulikonse. Ndondomeko za katemera zimasiyana: wa chikuku amaperekedwa pa miyezi 6 ndi 12 ku South Africa, pamene ku Malawi ndi pa miyezi 9 ndi 15. Mwana wotumizidwa kumudzi buku litatsala m'sutikesi ku Joni akhoza kuphonya zonse ziwiri.

Ntchito yachitatu ndi ya ndalama, ndipo apa ndi pamene gulu la maliro lili ndi luso lenileni. Lamulo la ntchito la ku South Africa limapatsa makolo miyezi yosachepera inayi ya tchuthi cha uchembere, yoti agawane ngati onse ali pantchito, ndipo limaletsa kuti mayi agwire ntchito masabata asanu ndi limodzi atangochira, pokhapokha dokotala kapena mzamba atavomereza. Kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha pathupi ndi mlandu, ndipo dandaulo liyenera kufika ku CCMA pasanathe masiku 30. Khoti la ntchito linagamula mu 2008 kuti ngakhale amene chilolezo chake chinatha ndi wantchito ndithu pamaso pa lamulo. Koma lamulo silikakamiza bwana kulipira malipiro pa tchuthichi. Amene ali ndi mapepala ndipo amadulidwa ya UIF angathe kulandirako kangachepe. Ena onse alibe pogwira, pakuti ndalama yothandizira ana imene boma limapereka imapita kwa nzika, okhazikika mwalamulo ndi othawa kwawo ovomerezeka okha. Tchuthi chopanda lendi ndi chakudya ndi tchuthi cha pakamwa chabe. Thumba la m'chikuta, lolipirira mayi lendi ndi ufa kwa miyezi iwiri kapena itatu, ndilo lingachititse kuti ufulu wolembedwawo ugwire ntchito.

Mudzati ndalama n'zochepa, ndipo mukunena zoona. Koma onani kusiyana kwake. Imfa sipangana tsiku, pamene pathupi pamapereka miyezi isanu ndi inayi yokonzekera. Kusunga mayi ndi khanda kwa miyezi ingapo sikufika pa mtengo wonyamula bokosi kuchoka ku Cape Town mpaka ku Nkhata Bay. Gulu likhoza kupatula R20 pa R100 iliyonse yosonkhedwa, n'kuika malamulo ofanana ndi a maliro: nthawi yodikira munthu asanapindule, buku loonekera kwa onse, ndi osayinira awiri. Amene anazolowera chipereganyu ndi banki mkhonde sadzaona chachilendo.

Mudzatinso imeneyi ndi ntchito ya boma ndi ya olemba ntchito. Inde ndi yawo, ndipo tisaleke kuwakumbutsa. Koma gulu limene lili ndi mndandanda wa ana amene anakanizidwa chiphaso ndi amayi amene anachotsedwa ntchito chifukwa cha pathupi limalankhula ndi mphamvu kwa maloya, kwa mabungwe a antchito ndi kwa akazembe kuposa munthu mmodzi wodandaula yekha. Kuthandizana ndi kumenyera ufulu zimayendera limodzi.

Za kosiya mwana masana zifunika nzeru. Lamulo la ana la ku South Africa limafuna kuti malo osungirako ana oposa asanu ndi mmodzi alembetsedwe, ndipo chifukwa chake n'chomveka: makanda ambiri m'kachipinda kamodzi kokhala ndi chitofu cha parafini ndi ngozi yoyembekezera tsiku. Mabanja ochepa angathe kusinthana kulera potsata masiku opuma, kapena kulipira mayi mmodzi wodalirika malipiro oyenera. Kwina n'kwabwino koposa kulowa m'makireshi amene amayi a komweko akuyendetsa kale m'malokeshoni, gulu n'kumathandiza pa fizi ndi pa phala. Ana osewerera pamodzi amaphunzira chilankhulo cha komweko, ndipo makolo okumana pachipata m'mawa uliwonse amasiya kuonana ngati adani.

Inu abambo, nkhaniyi musaikankhire ku komiti ya amayi. Maudindo ambiri m'magulu athu ali m'manja mwanu, ndipo thumba silingatsegulidwe inu musanavomere. Dzina lanu lilembedwe pa chiphaso cha mwana. Tsiku lanu lopuma likagwa pa tsiku la sikelo, mberekeni mwanayo mupite naye. Ndipo ngati mwana wanu ali kumudzi, musamangofunsa ngati ndalama ya pa Mukuru yafika. Funsani agogo ngati mwanayo akukwera pa sikelo, ngati katemera wakwana, ngati analembetsedwa ku NRB. Gulu la anthu ochokera dera limodzi likhozanso kugula matumba a chimanga ndi soya a mkombaphala wa kwawo nthawi yokolola, mitengo idakali pansi.

Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kumudzi mawuwa anali ndi anthu owakwaniritsa, pakuti agogo, azakhali ndi anansi anali pafupi. Kunja kuno achibale amenewo ndi inu. Pa msonkhano wotsatira wa gulu lanu, msungichuma akatha kuwerenga za maliro, imikani dzanja. Pemphani kuti m'buku lomwelo mutsegulidwe tsamba lina, lolembapo amayi oyembekezera ndi ana osakwana zaka ziwiri, ndipo pasankhidwe anthu awiri, mayi ndi bambo, oti mwezi uliwonse azifotokozera gulu ngati mwana aliyense wa pa tsambalo ali ndi chiphaso, ali ndi katemera ndiponso ali ndi womulera masana.