Nambala ya pa katoni ikubera anthu a ku Edingeni

Ogulitsa zipangizo za intaneti apeza podyera kum'mwera kwa Mzimba. Akudziwa kuti ku Edingeni, ku Embangweni ndi midzi yozungulira kuli nyumba zikuluzikulu za njerwa zootcha, zomangidwa ndi thukuta la ana omwe ali ku Joni, ndipo anawo akufuna kumaona nkhope za makolo awo pa WhatsApp. Ndiye akuwagulitsa timabokosi ta mesh tofalitsa WiFi m'nyumba, pa katoni patalembedwa AC1200, n'kumawauza kuti intaneti izithamanga pa 1200. Ili ndi bodza lamkunkhuniza, ndipo eni ake akudziwa.

Nambalayo ndi yophatikiza 300 Mbps ya mafunde a 2.4 GHz ndi 867 ya mafunde a 5 GHz, n'kuikweza pang'ono kuti izikoma m'khutu. Foni imagwira mbali imodzi yokha, ndipo ngakhale muime moyandikana ndi kabokosiko, 867 yonse simudzaiona. Mafunde a 5 GHz akakumana ndi khoma la njerwa amafooka msanga. Kabokosi kachiwiri kakamalumikizana ndi koyamba popanda waya, kamalandira ndi kutumiza pa mafunde omwewo, liwiro n'kutsika pafupifupi ndi theka. Tina totchipa mabowo ake a waya sapitirira 100 Mbps.

Koma chondiwawa kwambiri n'chakuti mesh siwonjezera intaneti. Siwonjezera! M'nyumba zambiri gwero ndi rauta ya SIM yodalira nsanja ya 4G. Nsanjayo ikapereka 10 Mbps madzulo, anthu onse ali pa foni, timabokosi tonse tigawana 10 yomweyo. Kuchulukitsa zidebe sikuchulukitsa madzi a pa mjigo.

Mukawafunsa ogulitsawo amati nambalayo analemba ndi a ku fakitale, iwo amangogulitsa. Nanga ndalama analandira ndi a ku fakitale? Nanga pakamwa pomwe panatuluka lonjezo mpa ndani? Ena amafika ponena kuti gogo wa kumudzi sangamve za Mbps, bola foni ikuonetsa timizere todzaza. Kunyoza kwake! Timizereto timangosonyeza kuti foni ikumvana ndi kabokosi, sitinena chilichonse za intaneti yomwe yalowa m'nyumba. Gogoyo akuona yekha nkhope ya mwana wake itauma pa foni, mawu akudukaduka, bandulo ikutha. Amva bwino lomwe kuti wapusitsidwa.

Za waya ogulitsawo satchula n'komwe, poti phindu lake n'lochepa. Chonsecho waya wa Cat5e, wodutsa m'denga kuchoka pa kabokosi koyamba kukafika pa kachiwiri, umanyamula 1000 Mbps mpaka mamita 100 ngati mabowo ali a gigabit, ndipo khoma sulilabadira.

Oyang'anira za malonda, omwe akhala chete nthawi yonseyi, alamule kuti wogulitsa aziyamba wayeza liwiro pakhomo pa wogula, wogulayo akuona, asanalandire ngakhale tambala imodzi.