Ngongole Sidziwa Chisudzulo

Tsiku lothetsa banja anthu amawerenga chilichonse. Amawerenga mbale, mipika, mbuzi, matumba a nandolo ali kuchipinda, ngakhale malata a padenga. Ankhoswe amakangana mpaka thovu kukamwa pofuna kudziwa kuti njinga ipita kwa yani. Koma funsani amene anakhalapo pa milandu yotere, kaya pansi pa mtengo kwa Nkhulambe kaya pamaso pa majisitireti ku Phalombe, kuti ndi kangati wina anaimirira n'kufunsa kuti, "Nanga ngongole ija asenza ndani?" Funso limeneli timalilumpha ngati dzenje, ndipo amene amagweramo kawirikawiri ndi mayi.

Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Kwathu kuno kwa Alhomwe ukwati wambiri ndi wa chikamwini: mwamuna ndiye amasamuka kukakhala kwa mkazi. Komanso kuchokera m'zaka za m'ma 1990, pamene mabungwe obwereketsa ndalama zing'onozing'ono monga FINCA anayamba kugwira ntchito m'dziko muno, ngongole zambiri za kumudzi zakhala zikudzera m'magulu a amayi. Obwereketsa sabisa kuti amayi amabweza bwino. Zimene sanena mokweza n'zakuti mayi alibe kothawira. Ali pa nthaka ya amayi ake, ana ali naye, ndipo wotolera ngongole akudziwa ngakhale mtengo wa mango umene uli pakhomo pake.

Tsono ndalama ikafika m'nyumba siyendanso m'dzina la mayi. Igula feteleza wa munda wa banja. Igula njinga yamoto yoti bambo azichitira kabaza pa Migowi. Nthawi zina ndi imene imasanduka thiransipoti ya bambo ya ku Joni, ndi lonjezo lakuti akangofika atumiza. Onse anadya, onse anagwirizana pa mphasa usiku, koma chala chimene chinadinda pa pepala ndi chimodzi. Banja likasokonekera, mkamwini amanyamula chikwama chake n'kubwerera kwawo, kapena kungodumpha malire kulowa mu Mozambique, poti ndi pafupi. Njinga ija amapita nayo. Ngongole ya njingayo imatsala.

Kale munthu dzina lake likaipa kwa wobwereketsa mmodzi ankatha kukagogoda kwa wina. Masiku amenewo akutha. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Credit Reference Bureau, lolola makampani kusunga mbiri ya mmene aliyense amabwezera ngongole, kuti mabanki ndi mabungwe ena obwereketsa aziyang'anamo asanapereke ndalama. Mu 2017 tinaima pa mizere kulembetsa ziphaso za unzika, ndipo kuyambira pamenepo dzina la munthu lili ndi nambala imene sasintha ngakhale atasamuka boma. Sindikutsutsa zimenezi. Dziko limene linaona ngongole za MARDEF, zoyamba mu 2005, zikutengedwa ngati mphatso ya chipani likufunikadi kaundula wa okana kubweza. Koma kompyuta imangolemba kuti uje sanabweze. Silemba kuti ndalamayo inagula chiyani, ndipo chinthucho chili m'manja mwa yani lero.

Buku la banki mkhonde silifika ku makompyuta amenewo, koma chiweruzo chake n'chowawa kuposa. Pagulu, wina akalephera, ndalama imene yasowayo ndi ya anzake, ndipo anzakewo ndi amene amatunga nawo madzi pa mjigo ndi kupemphera nawo Lamulungu. Amabwera kudzatenga ndowa, nkhuku, mwinanso kusasula malata. Mayi amene amafuna mpamba wa geni ya tomato kuti adyetse ana atasiyidwa amapeza zitseko zonse zotseka, kupatula chimodzi: cha wakatapila.

Alangizi a zachuma ali ndi mankhwala awo, ndipo ndi oona. Amati kapempheni kuona mbiri yanu ya ngongole. Ngati mwalembedwa zolakwika, tsutsani. Pitani kwa okubwereketsani musanathawe, mukambirane zobweza pang'onopang'ono. Mukamaliza tengani kalata yotsimikiza kuti mulibe nawonso mangawa, ndipo muisunge ngati chiphaso cha kusikelo. Ngati bungwe likukuzunzani, kadandauleni ku Reserve Bank, imene imayang'anira mabungwe a zachuma. Zonsezi mayi wa ku Chiringa azichite ndithu, ngati ali ndi ndalama yokwerera minibasi. Koma taonani pamene pagona nkhani. Mbiri yakeyo si yolakwika ayi. Anasainadi, sanabwezedi. Palibe choti atsutse. Njira yokhayo yoyeretsera dzina lake ndi kulipira yekha, tambala ndi tambala, chinthu chimene wina akudyerera kwina ndi mkazi watsopano. Kodi kumeneko tizikutcha kukonza mbiri kapena kulipitsa munthu chindapusa chifukwa choti anakhulupirira mwamuna wake?

Malamulo athu pa nkhani ya katundu si ogona. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limati banja likatha, mayi ali ndi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu amene anali wa awiriwo, komanso chithandizo choyenera. Mu 2015 kunabweranso lamulo la maukwati, kutha kwa maukwati ndi maubale a m'banja. Ngakhale mwambo wa chikamwini umati mwamuna ammangire mkazi nyumba kwawo. Tsono ngati tikuvomereza kuti zimene banja linapeza n'za onse, zimene linakongola zingakhale bwanji za mmodzi? Vuto lina n'lakuti ngakhale bwalo litalamula bambo kuti alipire, wobwereketsa sanali nawo pa mlanduwo. Iye mgwirizano wake uli ndi amene anasaina. Bambo akazemba, adzagogodabe pa chitseko cha mayi, ndipo lamulo la mgwirizano lili kumbali yake.

Ena anena kuti ngongole si mphatso, wosaina ankadziwa chimene akuchita. Enanso ati alipo abambo amene akudulidwa malipiro mwezi ndi mwezi pa ngongole imene inamanga nyumba kwa mkazi amene anawapitikitsa. Inde alipo, ndipo mfundo yanga ikuwateteza nawonso. Koma tisanamizire kuti osabweza onse ndi akuba. Mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wogula kunja, mtengo wake unagwa chagada, alimi a ku Phalombe n'kutsala ndi matumba opanda msika. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda ndi midzi, ndipo mu Novembala chaka chomwecho kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mabanja ambiri amagwedezeka pa nthawi ngati zimenezi, pamene ngongole yakula ndipo m'nkhokwe mulibe kanthu. Zoti mmodzi athawe mavutowo wina atsale nawo, ndiye ndikukanazo.

Chofunika si msonkhano wa ku hotela ya kunyanja. Ankhoswe, inu amene munalandira nkhuku pomanga banjalo, musadzuke pa mkeka musanafunse ngongole zonse, za kubanki, za pagulu ndi za pagolosale, ndipo zilembedwe papepala limodzi ndi mbuzi zija. Amajisitireti asatseke mlandu wa chisudzulo asanafunse funso lomwelo, ndipo wotenga njinga atengenso ngongole yake. Obwereketsa, amene amadziwa bwino lomwe kuti ndalama ya mayi ikukalowa m'munda wa banja, asainitse onse awiri kuyambira pachiyambi, ndipo akaona chigamulo cha bwalo avomere kuigawa ngongoleyo pawiri, aliyense ndi dzina lake. Akuti bambo sapezeka? Nambala ya chiphaso ija imene imampeza mayi ku Mpasa ingathenso kumpeza bambo tsiku limene adzafune kutsegula akaunti ku Limbe.