Makampani a magemu adatsata ndalama pa Wii, koma adalakwitsanso

Ophunzira okonda magemu amadandaula kuti makampani adawachitira nkhanza makina a Wii a kampani ya Nintendo. Akuti adawadzaza ndi timagemu tovina ndi ta paphwando, pamene magemu akuluakulu a nkhondo ndi a nkhani zazitali ankapita ku PlayStation 3 ndi Xbox 360. Dandauloli ndi loona. Koma tisanaweruze, abale anga, tiyeni tiyambe tawerengera ndalama monga achitira wamalonda aliyense.

Wii idatuluka mu 2006 ndipo makina oposa 101 miliyoni adagulidwa. Ambiri mwa ogulawo sadali anamandwa a magemu ayi. Adali mabanja, amayi, ngakhale agogo, amene adakopeka ndi Wii Sports, gemu yongogwedeza kachipangizo m'manja ngati ukumenya mpira wa tenesi. Munthu wotere sakhala usiku wonse akulimbana ndi gemu yovuta.

Komanso makinawo adali ofooka, osatha kuonetsa zithunzi za HD. Gemu imodzi inkatheka kuigulitsa pa PlayStation 3, pa Xbox 360 ndi pa kompyuta itangokonzedwa apa ndi apo, koma kuti ifike pa Wii pankafunika kuipanganso pafupifupi yonse, ndi antchito enanso olipidwa paokha. Kodi inu a malonda mungaode katundu wodula chotero musakudziwa ngati atuluke?

Ena adayesa ndithu. Mu 2009 kampani ya Sega idatulutsa MadWorld, gemu ya akuluakulu yodzaza magazi. Olemba nkhani za magemu adaiyamikira, koma siidayende malonda. Dead Space: Extraction ya kampani ya EA idaona zomwezo chaka chomwecho. Tsono Just Dance ya Ubisoft, imene olemba omwewo adainyoza, idagulidwa mamiliyoni, ndipo mbadwo wake udapitirira kutuluka pa Wii mpaka 2019. Nanga si fodya wako ndi amene ali pamphuno! Onjezerani apo kuti ndalama za wogula zinkayamba zapita kwa mwini sitolo: Mario Kart Wii ya Nintendo yokha idagulidwa makope oposa 37 miliyoni.

Mpaka apa ndikuwamvetsa. Pamene ndikusiyana nawo ndi ponena kuti okonda magemu akuluakulu kunalibe pa Wii. Resident Evil 4 itabwera pa Wii mu 2007 ili yathunthu, anthu adaigula yoposa miliyoni imodzi. Vuto lidali lakuti kawirikawiri makampani ankatumiza zotsalira: Dead Space yeniyeni idapita kwa ena, a Wii n'kulandira kamphukira kake. Ukamagulitsa kasitomala zinyenyeswazi, mawa amakagula kwina, ndiye iwe n'kumati kuno kulibe msika. Msikawo mudauthamangitsa nokha, bwana.

Ndipo kasitomala wa timagemu topepuka alibe chibale. Mafoni amakono atafala, timagemu totere tidayamba kupezeka m'thumba, tambiri taulere, ndipo iye adasamukira komweko. Nintendo itatulutsa Wii U mu 2012, agogo aja sadabwerere, anamandwa nawo adali atakhazikika kale ku Sony ndi Microsoft, ndipo makampani monga EA adasiya msanga kuipangira magemu. Wii U idathera pa makina osakwana 14 miliyoni.