Wezulo Ipatsidwe kwa Yani?

Abale a ku Phalombe, pa mabwalo a mpira a ku Migowi ndi ku Nkhulambe pali kutsutsana: kodi ana aphunzitsidwe ndi atate ao, kapena ndi iwo amene anasewera kale? Ife titi, wezulo ipatsidwe kwa wosewera wakale.

Pakuti cikondi ca tate cicititsa khungu. Iye asankha mwana wace, ngakhale ali wolemera miyendo, ndipo wamasiye waliwiro atsala kunja, namatola mpira m'cimanga. Kodi cimeneci ndi cilungamo? Iai. Ndiponso amene sanagwirepo bango sangaphunzitse kusoka mphasa. Kinnah Phiri anayamba wasewera yekha, ndipo pambuyo pace anatsogolera timu ya Malawi ku Angola m'caka ca 2010, kumene inagonjetsa Algeria zigoli 3 kwa 0.

Ena ati, osewera akale amamwa kacasu, nanama zaka za ana. Zoonadi, alipo otere. Cifukwa cace akubala inu, musakhale kunyumba. Imani m'mbali mwa bwalo, penyani mayendedwe a mphunzitsiyo, ndipo akanama mumcotse, nimufune wina wosewera wolungama. Koma wezulo musailande.