Ndani Anati Digiri Imaletsa Kupalasa?

Pali bodza limene timaliphunzira pa yunivesite popanda woliphunzitsa, ndipo timalikhoza kuposa maphunziro amene makolo athu akutilipirira. Bodzalo likuti munthu wophunzira sapalasa njinga. Akhoza kuyenda pansi kuchokera ku hositelo mpaka kumsika dzuwa likuswa mtengo. Akhoza kukhala ola lathunthu m'minibasi kudikira kuti idzaze. Akhozanso kukwera kabaza n'kukhala phee pakeliyala, foni kumanja, mnzake akukha thukuta kutsogolo. Koma kukwera pachishalo yekha n'kupalasa, ayi ndithu, anthu amuona bwanji? Njinga ndi yomweyo, msewu ndi womwewo. Chasiyana n'chakuti wina akupalasa, wina akupalasiridwa, ndipo ife tinagwirizana kuti ulemu uli mwa wopalasiridwayo.

Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti bodzali lili ndi khomo lakuseri. Loweruka m'mawa, ku Lilongwe kapena ku Blantyre, mumakumana ndi kagulu ka okwera njinga: zipewa zowala, magalasi akuda, zovala zothina, njinga zamagiya osawerengeka zimene mtengo wa imodzi ungagulire akabaza a siteji yonse njinga zatsopano. Amapalasa makilomita awo, amaima pamalo omwera khofi, amajambulana, madzulo n'kuika ulendo wonse pa Strava ndi pa Instagram. Ndiye wophunzira yemwe uja amene Lachitatu amaseka mnzake wobwera m'kalasi pa Hero yakale, ndi amene amayamba kulemba pansi pa chithunzicho kuti umenewu ndiye moyo. Choncho tisanamizane kuti timadana ndi njinga. Timadana ndi fungo la umphawi. Njinga ikakhala ya munthu amene wasiya galimoto pakhomo, timati akulimbitsa thupi. Ikakhala ya munthu amene alibe galimoto yoti aisiye, timati moyo wamuvuta.

Ndilibe mlandu ndi a Loweruka aja. Ndalama ndi zawo, miyendo ndi yawo. Mlandu wanga uli ndi ife amene tavomereza kuti kupalasa mongosangalala kuli ndi chiphaso, ndipo chiphasocho ndi njinga ya mamiliyoni ndi kapu ya cappuccino. Dziko lino limayenda panjinga kuyambira kalekale. Agogo athu ankafunsira mbeta atakwera Humber kapena Raleigh yopukutidwa mpaka masipoko. Lero lino matumba a makala, nkhuni, nkhuku, malata, mbuzi yomangidwa pakeliyala, matemba ochokera ku Chilwa, zonsezi zimafika m'tauni pamatayala awiri. M'midzi yambiri mayi woyembekezera amafika kuchipatala pa ambulansi ya njinga. Anthu amene amadziwa kukwera chitunda ndi katundu wolemera kuposa iwo eni sangadikire mlendo kuti awauze kuti njinga ndi yokoma. Chimene sitinachiyesepo n'kuikwera popanda katundu, popanda changu, popanda wotituma.

Tengani Zomba, tauni imene ophunzira ambiri amakhalamo zaka zinayi n'kuchokamo akudziwa njira zitatu zokha: ya ku kalasi, ya kumsika ndi ya kudepoti. Pamwamba pawo pali phiri lotalika mamita opitirira 2,000, msewu wa phula wokwera mpaka ku Ku Chawe, damu la Mulunguzi, mathithi a Williams, Chingwe's Hole, ndi Emperor's View pomwe Haile Selassie anaimapo n'kuyang'ana chigwa chonse mpaka ku Mulanje. Alendo amalipira ndege kuchokera ku Ulaya kudzaona zimenezi. Ulendo wa Tour d'Afrique, wa anthu opalasa kuchokera ku Cairo mpaka ku Cape Town, umadutsa m'Malawi muno. Ife amene tili m'tsinde mwa phirilo timalionera pazenera. Kukwera kwake n'kowawa, sindikubisirani, ndipo panjinga yopanda magiya mudzatsika n'kukankha malo angapo. Palibe cholakwika. Ogulitsa mabulosi ndi mapichesi m'mbali mwa msewu sadzakufunsani kuti mwakankha kangati. Amene sakonda zitunda ali ndi njira ya ku Kachulu, yafulati, yodutsa m'madimba ndi m'minda ya mpunga mpaka kudoko, kapena ya ku Domasi ndi Malosa. Wa ku Bunda ali ndi misewu yafumbi yolunjika ku Dzalanyama. Wa ku Blantyre akadutsa Bvumbwe amalowa m'minda ya tiyi ya ku Thyolo. Wa ku Mzuzu ali ndi Viphya yense kukhomo kwake.

Nanga khofi uja? Pano ndi pamene timadzipusitsa kwambiri. Kuima panjira n'kumwa kanthu ndi theka la ulendo, pamenepo a Loweruka aja sananame. Koma ndani anati malo oimapo ayenera kukhala ndi Wi-Fi? Pa siteji iliyonse pali tiyirumu: benchi, ketulo yakuda, tiyi wamkaka m'kapu yaikulu, sikono kapena chigumu, wailesi ikulira pakona. Pali chiwaya cha tchipisi, pali mayi wa thobwa lozizira m'ndowa, pali zitumbuwa ndi mbatata yootcha. Mukakhala pabenchi limenelo mutafika panjinga, anthu amakulankhulani mosiyana ndi mmene akanakulankhulirani mutatsika m'galimoto. Amakufunsani kumene mwachokera, amaseka mukawauza kuti mukungoyenda, kenako amakuuzani njira yachidule ndi pamene mlatho unakokoloka. Mumamva mtengo wa feteleza kuchokera kwa munthu amene akuugula, osati pa silaidi ya mphunzitsi. Timalemba maasayimenti okhudza chitukuko cha kumudzi tisanakhalepo mphindi 20 m'tiyirumu ya pamsika wa kumudzi, ndiye timadabwa kuti maripoti athu onse amafanana. Ndipo ndalama imene mwasiya pamenepo, kaya ndi yochepa bwanji, yalowa m'thumba la munthu amene madzulo omwewo akagulira ndiwo. Ngati mtima uli pa khofi weniweni, khofi wa ku Mzuzu ndi wa ku Thyolo ndi wathu womwe, ikani m'fulasiki.

Ena amati njinga imawonongeka pafupipafupi. Imawonongeka ikakhala m'manja mwa munthu amene amaona kuti kugwira sipanala n'kudzitsitsa. Palibe makina ena amene mungawamvetse onse ndi maso okha ngati njinga: palibe chobisika, chilichonse chimene chikuzungulira mukuchiona. Tcheni chikauma chimalira, chikachuluka oyilo chimatola mchenga, ndipo mchenga wosakanikirana ndi oyilo umadya mano a fuliwilo ngati tupa. Mankhwala ake ndi palafini pang'ono, mswachi wakale ndi kansanza: tsukani, pukutani, donthezani oyilo pang'ono, pukutaninso. Tayala losakhuta mpweya likagunda dzenje, limu imatsina chubu n'kusiya timabowo tiwiri toyandikana ngati njoka yaluma, ndiye kupopa bwino musananyamuke kumakupulumutsani kuposa kumata. Pomata, bowo limapezeka m'beseni la madzi, pamalopo mumapala kaye, mumapaka soloshoni n'kudikira kuti iume musanaike chigamba. Ofulumira amamata ikadali yonyowa, ndiye amamatanso kutsogoloko. Musanabwezere chubu, yendetsani chala m'kati mwa tayala, chifukwa munga umene unaboola poyamba nthawi zambiri umakhala ukadali momwemo. Sipoko imodzi ikaduka, gudumu limayamba kupepesuka ndipo zinzake zimatsatira. Ndipo musatsike phiri la Zomba musanayese mabuleki onse awiri, makamaka kukagwa mvula, poti limu yachitsulo ikanyowa mabuleki amachedwa kugwira.

Zonsezi amazidziwa bambo amene amakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika, pampu ili chilili, machubu akale ali lende panthambi. Amawongola gudumu poyang'ana ndi diso ndi kumvetsera kulira kwa masipoko. Wophunzira za uinjiniya amene angakuwerengereni mphamvu zonse zogwira pa gudumulo papepala amamudutsa bamboyo tsiku lililonse osapereka n'komwe moni. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, anapanga makina amphepo opangira magetsi pogwiritsa ntchito njinga yakale ya bambo ake ndi dayinamo. Timamutchula m'zokamba zathu zonse za luso la achinyamata. Chida chimene anayambira nacho ndiye timachita nacho manyazi.

Kwa atsikana bodzali limabwera kawiri. Pamwamba pa manyazi a umphawi amawonjezerapo zoti mkazi wodzilemekeza satangadza miyendo panjinga m'tauni. Pitani ku Chikwawa, ku Nsanje, ku Salima kapena ku Karonga mukaone amayi atavala chitenje, mwana kumsana, thumba la chimanga pakeliyala, akupita kuchigayo osapempha chilolezo kwa wina aliyense. Lamulo la kavalidwe la 1973 limene linkaletsa akazi kuvala mathalauza linachotsedwa mu 1993, ambiri a ife tisanabadwe. Koma anyamata oimba mluzu ndi kukuwiza mtsikana wopalasa adakalipo, ndipo ena mwa iwo ali ndi ziphaso za laibulale. Amenewa ndi amene ayenera kuchita manyazi.

Chodandaula chimodzi chokha ndi chimene ndimachilemekeza: msewu umapha. Pa M1 ndi pa M3 wopalasa amakhala pakati pa thiraki ndi dzenje. Phula likadyeka m'mbali, kanjira kamene kanali kake kamatha, ndipo hutala ya minibasi imatanthauza kuti dzigwetse kuthengo kapena ufe. Misewu yatsopano ya m'mizinda yathu timaiyamikira powerenga mizere ya magalimoto, ngati kuti Mmalawi aliyense ali ndi galimoto, pomwe ambiri amene amaigwiritsa ntchito ali pansi kapena panjinga. Koma taonani mmene nkhaniyi imabwererera kwa ife. Amene amajambula misewu, amene amakhala m'makhonsolo, amene amagawa bajeti, onse anadutsa pa yunivesite ndipo anakhoza bodza lija. Munthu amene sanapalasepo chilowereni fomu wani sangaganize za wopalasa pojambula mphambano. Amamuona ngati chopinga. Akabaza akhala akugundidwa zaka zonsezi ndipo nkhani zawo zimathera m'mizere itatu ya nyuzipepala. Tsiku limene mwana wa bwana, loya wachinyamata kapena mphunzitsi wa pa yunivesite adzayambe kupalasa m'misewu yomweyo, kanjira ka njinga kadzapezeka m'bajeti. N'zomvetsa chisoni kuti dziko limamva chonchi, koma ngati ndi mmene limamvera, malo athu ndi pachishalo, limodzi ndi akabaza. Ndipo apa ndi pamene ndimawafunsa a Loweruka aja: mawu anu amamveka m'maofesi, mwawagwiritsa ntchito kangati polankhulira amene amapalasa Lolemba?

Sizosatheka. Ku Bogotá, ku Colombia, kuyambira 1974 misewu ikuluikulu imatsekedwa kwa magalimoto Lamulungu m'mawa, ndipo lero ndi makilomita opitirira 100 amene amasiyidwira oyenda pansi ndi opalasa. Mukati kumeneko n'kutali, Kigali inayamba zofananazo mu 2016, ndipo mu Seputembala 2025 mzindawu unachititsa mpikisano wa dziko lonse wa njinga zapamsewu, koyamba mu Africa. Ena mwa anyamata amene anakwerera timu ya Rwanda anayambira pa ukabaza. Biniam Girmay wa ku Eritrea anapambana magawo atatu a Tour de France mu 2024 n'kutenga malaya obiriwira. Ndikaona mnyamata akukwera chitunda cha ku Chikwawa ndi matumba a makala, ndimadzifunsa kuti miyendo imeneyo ikanafika pati ikanapatsidwa njinga yopepuka ndi mphunzitsi. Ife m'malo mwake timamuimbira hutala.

Ndipo kunyada kwathuku tikukulipira ndi ndalama zimene tilibe. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Pafupifupi mafuta onse a galimoto timagula kunja ndi ndalama zakunja zomwe zimasowa, n'chifukwa chake tazolowera kuona mizere ya magalimoto ikugona pamalo omwetsera mafuta, mitengo ya minibasi n'kukwera tsiku lomwelo. Womaliza maphunziro amene akuyenda ndi envulopu ya makalata kufuna ntchito amatha kandalama kake konse pa thiransipoti, kuchoka ku Area 25 kupita ku City Centre, kuchoka ku Ndirande kupita ku Limbe, maulendo amene njinga yakaunjika ikanawayenda ndi mbale ya phala. Thukuta? Malaya osinthira amakwana m'chikwama. Akuba? Alipo, ndipo n'chifukwa chake ndikufuna kuti mabungwe a ophunzira, pokambirana ndi akuluakulu a sukulu zawo, aike pamndandanda chinthu chotchipa kuposa zonse zimene amapempha: mipope yachitsulo yozikidwa musimenti pafupi ndi chipata pomwe pali mlonda, yomangirirapo njinga, ndi kadenga ka malata pamwamba. Malo oimika magalimoto a anthu ochepa alipo kale, opakidwa ndi penti yemwe. Makhonsolo a Zomba, Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre nawo sakusowa ndalama za mabungwe akunja kuti atseke msewu umodzi maola anayi Lamulungu limodzi pamwezi. Pakufunika apolisi angapo, migolo yopakidwa laimu, ndi chidziwitso pawailesi Lachisanu lake.