Asiyeni Madokotala Abwerere M'kalasi

Anzanga ena amaseka akamva kuti ku America munthu amene watenga kale digiri ya PhD amakaphunziranso zaka ziwiri kapena zitatu pansi pa akatswiri ena. Amati, sukulu yanji yosatha? Ine ndikuona kuti pa kafukufuku wa uchidakwa ndi mankhwala ozunguza bongo, kuteroko n'koyenera.

Boma la America, kudzera ku bungwe la NIDA lomwe linakhazikitsidwa mu 1974, limapereka ndalama ku mayunivesite kuti aphunzitse anthu otere pa ndondomeko yotchedwa T32. Malowa ndi a nzika za dzikolo ndi okhazikika kumeneko basi, choncho musathamangire kulemba makalata. Chondikopa ine n'chakuti ambiri mwa maphunzirowa amakhazika pamodzi wodziwa za ubongo, wa zamaganizo, wa zachikhalidwe cha anthu ndi wa masamu, kuti aliyense amve zimene mnzake akunena.

Taonani za mu 1971. Nkhondo ya ku Vietnam ili mkati, boma linaopa kuti asilikali ake abwerera kwawo ali akapolo a heroin. Linapempha mayi Lee Robins, katswiri wa zachikhalidwe cha anthu, kuti afufuze. Iwo anapeza kuti pafupifupi msilikali 1 mwa 5 aliwonse anakodwa m'chizolowezichi ali kunkhondoko, koma atafika kwawo, pafupifupi 5 okha mwa okodwa 100 aliwonse ndiwo anakodwanso m'chaka choyamba. Wodziwa za ubongo yekha akanazifotokoza bwanji zimenezi? Ubongo unali womwewo. Chinasintha ndi malo, anzawo ocheza nawo, mantha a imfa ndi kapezekedwe ka mankhwalawo.

Komatu wa zachikhalidwe asadzitame. Mankhwala a methadone, omwe amathandiza okodwa ndi heroin, anatchuka mu 1965 chifukwa Vincent Dole, dokotala wa kagwiridwe ntchito ka thupi, anagwirizana ndi Marie Nyswander, dokotala wa zamaganizo amene ankawadziwa bwino odwalawo.

Mu 2021 anthu oposa 100,000 anamwalira ku America atapyoza muyezo wa mankhwala, ambiri mwa iwo ndi fentanyl. Chondidandaulitsa n'chakuti dokotala wodzichepetsa kukaphunziranso uja amalandira zochepa poyerekeza ndi mnzake wa kukampani yopanga mankhwala, ndiye ena amatopa n'kulowera komweko ntchito isanapite patali.