Eni Ake Ankati Sukulu N'kupuma

Loweruka lapitali ndinagona kwa mlongo wanga, ndipo chimene chinandidzutsa si tambala koma zipi ya chikwama. Kunja kunali kusanayere bwinobwino. Nditasuzumira pabalaza ndinapeza mwana wake wa Sitandade 8 akulongedza makope uku akuyasamula ngati mvuu. Ndinamufunsa ngati waiwala kuti ino ndi nthawi ya tchuthi. "Malume, ife tchuthi tilibe, tili ndi patitaimu," anatero mnyamatayo, n'kutuluka chothamanga, mbatata yootcha ili kumanja. Kwa inu amene mulibe ana, patitaimu ndi maphunziro apadera olipira aja, ndipo mayi ake anali atandinong'oneza kale usiku kuti mwezi uno ndiponyepo kangachepe.

Ndinatsala ndikuseka ndekha, mlongo wanga n'kumayesa kuti ndikuseka pempho lake. Ayi, ine chinkandiseketsa ndi liwu lenilenilo lakuti sukulu. Ife tinalitola pakamwa pa azungu olankhula Chingerezi, monga amishoni a ku Scotland aja amene anafika ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Blantyre chaka chotsatira. Koma nawonso si lawo. Chingerezi chinalibwereka ku Chilatini, kumene ankati schola, ndipo Aroma analitenga kwa Agiriki, amene ankati skhole. Tsono khalani bwino pampandopo: kwa Agiriki skhole inkatanthauza nthawi yopuma, mpata umene munthu amakhala nawo pamene palibe ntchito yomuthamangitsa. Ndiye kuti chinthu chokhacho chimene mwana wa mlongo wanga akudandaula kuti alibe.

Zinatheka bwanji kuti kupuma kusanduke kudzuka m'mamawa? Mwamuna wa ku Athens akapeza mpata ankapita pamthunzi kukamvera anzake akutsutsana za chilungamo, za nyenyezi, za mmene mudzi uyenera kuyendetsedwera. Pang'ono ndi pang'ono liwu lija linachoka pa nthawiyo n'kupita pa zokambiranazo, kenako pa gulu la okambiranawo, pomaliza pa malo amene ankakumanirapo. Ife Achewa siziyenera kutidabwitsa. Bwalo ndi pabwalo pomwepo posesedwa, komanso timati bwalo lagamula, ngati kuti dothi lili ndi pakamwa. Plato anayamba kusonkhanitsa ophunzira ake cha m'ma 387 Khristu asanabadwe, m'kankhalango ka mitengo kunja kwa linga la Athens kotchedwa dzina la Akademos, ndipo m'menemo ndimo munachokera akademe zimene zadzaza m'matauni athuzi, zina zili m'galaja ya munthu. Wophunzira wake Aristotle anatsegula yake ku Lyceum mu 335 Khristu asanabadwe, ndipo mpaka lero Afalansa amatchula sekondale kuti lycée, pamene Apwitikizi kale ankati liceu.

Chimene chimandikomera kwambiri n'chakuti Agirikiwo akafuna kunena za kutanganidwa ankati askholia, kutanthauza kusowa mpata. Aroma nawo chimodzimodzi: kupuma ankati otium, malonda ndi ntchito n'kumati negotium, kusapuma. Kwa iwo maziko anali kupuma, ntchito n'kukhala chosowa. Ife tinatembenuza mphika: wokhala pamthunzi masana timamutcha lova. Ndipo Aroma omwewo sukulu ya ana aang'ono ankaitcha ludus, liwu lomwe linkatanthauzanso masewera. Za Gymnasium, dzina limene Ajeremani amatchula nalo sekondale zawo zokonzekeretsa ana kupita ku yunivesite, ndingonena mwachidule chifukwa nyuzi ino amawerenganso apongozi: gwero lake ndi liwu la Chigiriki lakuti gymnos, maliseche, poti anyamata ankachita masewera olimbitsa thupi ali chibadwire.

Apa mundilole ndipatuke pang'ono. Alipo anthu, ndipo mukuwadziwa, amene amati Chichewa n'chosauka chifukwa chimangobwereka mawu. Akamva sukulu, buku, supuni, amakwinya nkhope n'kumati ndi Chingerezi chophotchola. Chabwino, tiyeni tione mmene ena anaphotcholera. Zilembo ziwiri zoyambazo, s ndi k zogundana, zinavuta malilime ambiri ku Ulaya. Apwitikizi anaika e patsogolo n'kumati escola, a ku Spain escuela, a ku Hungary iskola, a ku Wales ysgol. Afalansa anayamba ndi escole, kenako anameza s yense n'kutsala ndi école. A ku Finland sanafune zambiri, anangodula mutu: koulu. Ajeremani anati Schule, ndipo poti analamulirapo kumtunda kwa dziko limene lero ndi Tanzania mpaka pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, Mswahili wa kumtunda amati shule pamene wa ku Zanzibar, kumene kunali Angerezi, amati skuli. Ife tinangolowetsa u pakati kuti lilime lipeze popondera: su-ku-lu. Tsono Mfalansa akameza chilembo akuti ndi chitukuko, Mchewa akawonjezera chilembo akuti ndi umbuli. Mngerezi mwini wakeyo amalemba h m'liwuli koma samutchula. Ndi chipsera chabe cha Chigiriki chimene amayenda nacho. Wobwereka asamaseke wobwereka mnzake.

Tibwerere kwa mwana uja. Sindinganame kuti m'masiku athu sukulu inali mpumulo. Pasukulu ina yake imene sindiitchula dzina, belu linali limu ya galimoto yopachikidwa pamtengo wa mango, ndipo likalira iwe uli kutsidya kwa mtsinje, unkadziwiratu kuti chikwapu chikukudikira. Tinatchetcha udzu, tinatola nkhuni za kunyumba kwa aphunzitsi, tinapalira ngakhale munda wa ahedi, zonsezo akuti ndi phunziro la ulimi. Nsima ya chimanga chimenecho sindinailaweko, ndipo mpaka lero nkhaniyi sindinaikhululuke. Koma dzuwa likapendeka tinkamasulidwa. Masana onse anali athu: kuwedza, kukumba mbewa, kumanga mpira wachikulunga, kukangana ngati mwezi umatitsatiradi tikamayenda. Mafunso amene ndimakhala nawobe mpaka pano anabadwira kudambo, osati pa bolodi.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambi umenewu ndimaukonda chifukwa ndinauyesa ndekha: ndinagona chafufumimba pafupifupi theka la ola kudikira kuti nkhono itulutse tinyanga take, ndipo nditangoyetsemula inabwereramo. Mwana amene akuchoka m'kalasi n'kulowa patitaimu, kuchoka patitaimu n'kukaloweza mayankho a mayeso akale pa nyali mpaka usiku, nkhono adzaionera kuti? Adzakuuzani kuti ili ndi tinyanga tingati poti analoweza, koma sanaidikirepo. Mukudziwa inunso kuti kuthamanga sikufika.

Komabe Agirikiwo tisawaombere m'manja mopitirira. Mpata wawo uja unali pamsana pa ena. Amene ankakhala pamthunzi anali amuna, mfulu. Akazi ndi akapolo anali kumphero ndi kumunda. Ngakhale amene ankaperekeza mwana kwa mphunzitsi, womutcha paidagogos, anali kapolo, ndipo dzina lakelo ndilo lero akatswiri a zamaphunziro amalinyadira m'Chingerezi ndi m'Chifalansa. Izi ndinazikumbukira nditaona amene anaotcha mbatata ija. Anali mchemwali wake wa mnyamatayo, wa Fomu 2, amene anadzuka nkhuku zisanatsike, n'kusesa, n'kutunga madzi, ndipo za patitaimu yake palibe anandinong'oneza.

Ndalama ndinapereka, poti mnyamatayo akadzalephera mayeso dzina la malume ndilo lidzamveke mudzi wonse. Koma ndinaigawa pawiri, theka la mtsikana, ndipo ndinamuuza mlongo wanga kuti Lamulungu likubwerali, tikaweruka kutchalitchi, ana onse awiri ndikuwatenga tikawedze. Makope atsale kunyumba, mbale mlongo wangayo atsuke yekha.